Dzira lomwe kasitomala anabweza

Inu ogulitsa mazira a nkhuku zachikuda, manyazi awa mukuwadziwa. Tsiku lina mayi wina anafika pabenchi ya achemwali anga, mbale ili m'manja. Ati, "Mwandigulitsa chiyani ichi?" M'mbalemo munali dzira loswa, pachikasu pake patayala timitsempha tofiira ngati mizu. Nkhuku inali itayamba kale kulikhalira. Achemwali anabweza ndalama msika wonse ukuonerera, ndipo tsikulo sanagulitsenso.

Tonse zinatinyansa, kupatula mng'ono wanga, uja amalemba zikwangwani za magolosale. Iye anapempha mbale ija, n'kukhala pansi kuyamba kujambula pakatoni. Ine ndinati mwanayu wayamba misala.

Thadzi lathu litayamba kukhalira mazira, anabwereka tochi. Usiku ankatenga dzira limodzi, kuliunika mumdima, kujambula, n'kulibwezera lisanazizire. Tsiku lachisanu anandiitana. Abale, ndinaona kadontho kakuda pakati pa ukonde wofiira, kakugwedezeka! Mtima wa mwanapiye umayamba kugunda masiku atatu asanathe, pamene nthenga ndi mlomo kulibe. Kumapeto dzira lonse linada bii, ndipo pa tsiku la 21 kanaboola chigoba.

Ndinadzawerenga kuti Marcello Malpighi wa ku Italy anajambulanso zomwezi, buku lake n'kutuluka mu 1673. Nditamuuza mnyamatayo, anangofunsa ngati mkuluyo anapezapo ndalama.

Zithunzizo sizinagulidwe, zili pakhoma kunyumba. Koma tochi ija achemwali anailanda, ndipo dzira lililonse amayamba aliunika asanaliike pathireyi.