Agogo anga sanatilodze

Ndine bambo wa ana anayi, mbadwa ya m'munsi mwa phiri la Michesi ku Phalombe. Wondilembera mawuwa ndi mwana wanga wamkazi, ine ndikungoyankhula, chifukwa maso anga atsala pang'ono kutheratu. Ndikudziwa kuti munthu akaimirira kuti apereke umboni wa maso, mpingo umadikira kumva zoti wapenya. Ine sindinapenye. Chimene Mulungu anatichotsera kwathu ndi bodza lomwe linatsala pang'ono kuphetsa agogo anga aakazi ndi kupasula mbumba yonse.

Kwathu amuna amachita khungu. Amalume anga awiri anafika zaka makumi anayi akuyenda mogwidwa dzanja, pomwe alongo awo, kuphatikizapo mayi anga, ankalowetsa ulusi pasingano mpaka kuukalamba. Matendawa amayamba ndi usiku. Ndili mwana, anzanga akamasewera chibisalirano pamwezi, ine ndinkangogunda nkhokwe ndi zitsa, mpaka anandipatsa dzina la chipongwe lomwe sinditchula pano. Kuchipatala chaching'ono anaganiza kuti ndikusowa vitamini A, ndipo sanalakwe kuganiza choncho poti kusowa kwake kumachititsadi munthu kusaona kukada. Ndinamwa timibulu tawo, ndinadya mapapaya ndi chisoso mpaka kukoledwa, koma dzuwa likangolowa dziko linkanditsekekera.

Aliyense wodziwa dera lathu akudziwa mbiri ya Michesi. Akuluakulu amati m'phirimo muli mizimu, ndipo woyendamo akhoza kupeza chakudya chophikaphika chimene ayenera kudya yekha osaitana mnzake. Napolo wa mu Malichi 1991, yemwe anatsika ndi miyala n'kukokolola midzi, milatho ndi anthu ambirimbiri, anangokhwimitsa mantha amenewa. Choncho khungu la kwathu silinasowe olimasulira. Ena ankati agogo aamuna anatola kanthu kuphiri kosayenera kutola. Koma agogo aamunawo anali atamwalira kale, ndipo wakufa sazengedwa mlandu. Mlandu unagwera wamoyo. Kunayamba kumveka manong'onong'o akuti agogo aakazi anatenga maso a ana awo aamuna kukhala chizimba choti nkhokwe yawo isamathe. Umboni wake? Ankakolola nandolo wambiri, ndiponso akazi a m'nyumba mwawo okha ndiwo ankaona bwino.

Inenso nditayamba kuipiraipira, abale anasonkha ndalama kupita nane kwa sing'anga wina kutsidya kwa malire, ku Mozambique. Iye sanatchule dzina. Anangoti, "Wakuchitani zimenezi mumadya naye mbale imodzi, ndipo ndi wamkazi wa imvi." Mbuzi zinapita, matumba a nandolo anapita, mphini anandidula m'zikope momwe. Titabwerako, agogo anawatulutsa pabwalo. Anawamangira kakhumbi kumapeto kwa munda, ana analetsedwa kulandira ngakhale chigumu cha m'manja mwawo. Lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo lili ku boma, ndipo nkhalamba imagona kumudzi. Usiku wina anyamata anagenda khumbi lija.

Nthawi imeneyo n'kuti ndikuyendetsa kabaza pakati pa Phalombe boma ndi Migowi. Masana ndinkaona bwinobwino chimene chili kutsogolo kwanga, ngakhale nambala ya galimoto ndinkaiwerenga, koma za m'mbali zinkangotulukira mwadzidzidzi. Zinali ngati kusuzumira dziko pabowo la nsungwi, ndipo bowolo linkachepa chaka ndi chaka. Nditagunda mayi wina wosenza dengu la tomato yemwe anatulukira kumanzere, ndinalipira tomatoyo n'kuipachika njinga. Kwathu n'kwa chikamwini. Mwamuna wosalima pamudzi pa eni ake salemera pakamwa, ndipo apongozi anayamba kufunsa ankhoswe mokweza kuti mkamwini wosaona awalimira chiyani. Mayi a kunyumba ndiwo anakana. Anati, "Abambo awa sachoka pano tisanamve za madokotala a ku Blantyre." Anakongola ndalama kubanki m'khonde, tinanyamuka.

Ndinapita ku chipatala cha maso cha Lions Sight First, ku Queen Elizabeth, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti ndi ng'ala. Ndinali nditaona nkhalamba za kwathu zikupita mogwidwa dzanja n'kubwerako zikuyenda zokha. Anandidonthezera mankhwala okulitsa kamwana ka diso, dokotala n'kundiunika nthawi yaitali. Kenako anasiya zida zake n'kuyamba kufunsa mafunso omwe palibe anandifunsapo.

"Bambo, kwanu aliponso ena otere?"

Ndinatchula amalume.

"Akuchikazi kapena akuchimuna? Nanga alongo anu ali ndi ana aamuna? Amayenda bwanji kukada?"

Mayi a kunyumba anandigwira mkono, chifukwa mwana wa achemwali anali atayamba kale kukana kutumidwa madzulo.

Dokotalayo anatenga pepala n'kujambula mbumba yathu yonse, amuna ndi akazi, mibadwo itatu. Anati matendawa dzina lake ndi retinitis pigmentosa, ndipo amagwira pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 4,000 padziko lonse, azungu ndi akuda omwe. Kumbuyo kwa diso, m'kati, kuli kachikopa kopyapyala kotchedwa retina komwe kamalandira kuwala. Maselo ake othandiza kuona mumdima ndi m'mbali ndiwo amayamba kufa, a pakati n'kutsatira pambuyo. Gwero lake ndi timalangizo ta chibadwa tomwe munthu amalandira kwa makolo, tomwe asayansi amati majini. Njira zotengera zilipo zingapo, koma poona chithunzi chathu anati zikuoneka kuti yathu ndi ija yodzera mwa amayi: mkazi amanyamula koma kawirikawiri savutika kwambiri, ndipo mwana wake aliyense wamwamuna akhoza kutengera kapena ayi, mwayi wake ndi theka kwa theka. Ana anga aamuna sangatengere kwa ine. Ana anga aakazi ndiwo onyamula. Kuti atsimikize anafunika kuyeza magazi kumalabotale a kunja, ndalama zomwe sitikanazipeza. Mankhwala ochiza, anatiuza mosabisa, panalibe.

M'minibasi pobwerera ndinalira, koma pepala lija ndinalisunga m'thumba la malaya.

Mwini mbumba anaitanitsa anthu onse, ndipo mwana wa sukulu anawerenga pepalalo n'kulongosola. Musaganize kuti zinatha pomwepo. Mlamu wina anaimirira n'kunena kuti, "Mwamva nokha, adokotala avomereza kuti zachokera kwa akazi." Apo amalume aakulu, omwe sanaonepo kuwala kwa zaka zambiri, anagogoda ndodo pansi. Anati iwo akukumbuka kuti agogo aja anali ndi mlongo wawo yemwe ankatchedwa wamanyazi chifukwa sankatuluka usiku. "Ngati amayi analodza ife, nanga mlongo wawo analodzedwa ndi yani? Iwonso anangolandira, monga mmene inu munalandirira mphuno yanuyo." Anthu anaseka, ndipo kuseka kumeneko ndiko kunathyola mlandu. Agogo sanayankhule zambiri. Anangoti, "Ndiye mundibwezere adzukulu anga ndiziwaphikira." Anabwerera pabwalo, anakhala nafe zaka zina, ndipo atamwalira mudzi wonse unagona pasiwa.

Za ine mwini zinatenga nthawi. Ndinakhala miyezi ndili khale pakhonde, mpaka anthu a bungwe la Malawi Union of the Blind atandionetsa kayendedwe ka ndodo yoyera ndi kundikumanitsa ndi anzanga osaona omwe amalima, kuweta ndi kugulitsa malonda. Lero ndimabzala nandolo ndi mpendadzuwa motsata chingwe cha mfundo, ndili ndi benchi ya sopo, mchere ndi mafuta, ndipo foni imandiwerengera mauthenga. Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, ndinatuluka m'nyumba madzi ali m'mawondo, dzanja lina paphewa pa mwana wanga, lina litanyamula kamdzukulu. Mwana wa achemwali uja akuphunzira zilembo za braille maso akadalipo, kwa mphunzitsi yemwe anachita maphunziro ake ku Montfort, ku Nguludi.

Funso lomwe linkandizunguza linali lakuti: kodi dokotala uja zonsezi anazidziwa bwanji? Yankho linabwera ndi alamu anga omwe amagwira ntchito ku Johannesburg. Iwo anamva za bungwe la Retina South Africa, lomwe odwala ndi makolo awo amasonkha ndalama zothandizira kafukufuku wa matendawa ku University of Cape Town, ntchito yomwe inayamba mu 1990. Tinayamba kufufuza pafoni ndi mwana wangayu, ndipo zomwe tinapeza zinandidabwitsa. Ku America, mu 1971, bambo wina dzina lake Gordon Gund, yemwe matenda omwewa anali atangomuchititsa khungu, anagwirizana ndi Bernard Berman, yemwe ana ake aakazi awiri ankadwala, n'kuyambitsa bungwe lomwe lero limatchedwa Foundation Fighting Blindness. Nthawi imeneyo madokotala ambiri ankangouza odwala kuti apite kunyumba akazolowere mdima. Ndalama zopemphetsa zinatsegula labotale ku Boston, ndipo mu 1990 jini yoyamba yoyambitsa matendawa inapezeka mumzinda womwewo. Lero majini odziwika oyambitsa matenda a retina otengera kumtundu apitirira 250.

Mu 2001 gulu la asayansi, mwa iwo Jean Bennett ndi Albert Maguire a ku University of Pennsylvania, linaonetsa kuti agalu obadwa osaona akhoza kuona ataikidwa jini yabwino m'diso. Pofika Disembala 2017 boma la America linavomereza mankhwala otchedwa Luxturna. Musathamangire kusangalala. Amathandiza okhawo omwe vuto lawo lili pa jini imodzi yotchedwa RPE65, ndipo mtengo wake unali madola 850,000 maso awiri. Pa mtundu wodzera mwa amayi, womwe akuganiza kuti ndi wathu, ku Oxford anayamba kuyesa mankhwala pa anthu mu 2017, koma pamene ndikuyankhula pano sanafike pogulitsidwa. Ine sadzandipeza, ndikudziwa. Komabe pepala lomwe linatulutsa agogo m'khumbi lija linalembedwa ndi nzeru zomwe anthu osaona a kutali analipirira ndi zopereka zawo.

Kuno kwathu ndalama za abwenzi akufuna kwabwino zimapita ku ng'ala ndi trachoma, ndipo sindidandaula nazo. Ng'ala imachotsedwa m'mphindi zochepa, ndipo mu 2022 bungwe la WHO linalengeza kuti Malawi wagonjetsa trachoma, dziko loyamba kutero kum'mwera kwa Africa. Chipatala chomwe ndinapitako chinamangidwanso ndi zopereka za a Lions. Chondiwawa n'chakuti kafukufuku wambiri wa majini wachitika pa azungu. Ofufuza a ku Cape Town anaona kuti zoyezera zopangidwa potengera odwala a ku Ulaya zinkalephera kupeza gwero la matendawa mwa odwala ambiri akuda. Ndiye kuti ngakhale mankhwala atatsika mtengo mawa, adzayamba afunsa kuti jini yanu yolakwika ndi iti, ife n'kukhala kukamwa yasa. Luso lofufuza lilipo m'dziko muno. Ku Blantyre komweko ndiko madokotala anaonetsa dziko lonse kuti kuunika retina ya mwana wokomoka kumathandiza kudziwa ngati alidi ndi malungo a muubongo.

Ife tayambapo pathu. Tinagula kope, ndipo achemwali akulembamo aliyense wa mbumba yathu, chaka chobadwa, zaka zomwe anayamba kuvutika usiku ndi mmene akuonera lero. Mabanja ena awiri a tsidya la phiri, cha ku Fort Lister, atamva anabwera kudzalembetsa. A Kamuzu University of Health Sciences, makampani omwe mumapereka zachifundo chaka ndi chaka, ndi inu a mipingo: patulaniko kandalama koyezera magazi a mabanja ngati athu, ngakhale kutumiza ku Cape Town. Magaziwo tipereka mosavuta. Ndipo inu amene mwana wanu wamwamuna amapunthwa dzuwa likangolowa, mufunseni za amalume ake, mupite naye kuchipatala cha maso musanapite kwina kulikonse.