Mphunzitsi Amene Anafunsa Nkhalamba

Ife ogwira ntchito m'boma timakhulupirira kwambiri mafayilo. Chimene sichinalembedwe timachiyesa kuti sichinachitike. Koma pa zaka 20 zimene ndakhala m'maofesi ndaona kuti fayilo imasunga dzina la bwana wosayina, pamene mesenjala woinyamula satchulidwa paliponse. Mbiri ya nkhondo nayonso ili chimodzimodzi. Ndi chifukwa chake ndimalemekeza Pulofesa Melvin Page, mphunzitsi wa ku America amene anathera moyo wake wa maphunziro pofufuza anthu osatchulidwawo.

A Page anabwera kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 kudzaphunzitsa mbiri yakale pa Chancellor College. Nthawi imeneyo mabuku a nkhondo yoyamba ya dziko lonse ankakamba za akazembe a chizungu: mmene sitima ya Guendolen inaphulitsira sitima ya Ajeremani pa nyanja yathu mu Ogasiti 1914, mmene kunalili pa Karonga pa 9 Seputembala chaka chomwecho, ndi mmene Lettow-Vorbeck anagonjera pa Abercorn mu Novembala 1918. Zonsezi n'zoona. Nanga anasenza chakudya ndi zipolopolo ndani? Dziko la Nyasaland linapereka asilikali pafupifupi 19,000 ndi amtengatenga pafupifupi 200,000. M'malipoti anthu amenewa anali manambala chabe.

Mphunzitsiyu anawerengera zaka, naona kuti mnyamata amene anagwidwa kupita ku nkhondo mu 1916 anali atapitirira zaka 70. Kuzengereza kukanatanthauza kukafunsa manda. Tsono iye ndi ophunzira ake analowa m'midzi, nakhala pamphasa ndi nkhalambazo. Iwo anafotokoza za njala, za kamwazi, za mapazi otupa ndi za mafumu amene ankakakamizidwa kupereka anthu awo. Nkhondoyo ankaitcha ya chiwaya, potengera mfuti yolavula zipolopolo mosalekeza. Lero mwana akamva za chiwaya, maganizo ake amathamangira ku tchipisi cha pamsika.

Chondigwira mtima ine ndi kupirira kwake. Digiri yake ya udokotala anailandira mu 1977 ku Michigan State University. Mu 1978 anasindikiza nkhani mu Journal of African History yosonyeza kuti makolo athu ankaona nkhondoyo ngati thangata wina. Kenaka anaphunzitsa zaka zambiri ku East Tennessee State University, kutali ndi Zomba, koma nkhalamba zija sanaziiwale. Buku lake la The Chiwaya War linatuluka mu 2000, ndipo mu 2021 anatulutsa Chiwaya War Voices, momwe muli mawu a anthuwo monga anawayankhulira. Tangoganizani, zaka pafupifupi 50 munthu akusunga mawu a anzake ngati mbewu m'nkhokwe!

Agogo anga aakazi ankati bambo awo anapita ku mtengatenga ndipo anabwerako ataonda ngati bango, osafuna kukambapo kanthu. Banja lathu likudziwa zokhazo. Njira imene anayenda, katundu amene anasenza, anzawo amene anawasiya m'tchire, zonsezo ndimazimvera m'kamwa mwa amuna ena amene a Page anawafunsa. Ndikawerenga umboni wawo ndimakhala ngati ndikumva mawu a kholo langa.

Ena amadandaula kuti mbiri yathu amatilembera ndi alendo. Dandaulolo ndi lomveka, koma mlendo anafunsa pamene eni mudzi tinali duu. Mawu a akulu amakoma akagonera, inde, koma amagonera pokhapokha wina atawasunga.

Tsono funso lili kwa ife a m'bungwe la alembi. Asilikali amene analondera njanji ya Nacala pa nkhondo ya ku Mozambique alipo, ena tikupemphera nawo tchalitchi chimodzi. Amene anachita nawo Operation Bwezani mu Disembala 1993 tsitsi lawo lachita imvi. Amayi amene anadikira amuna awo nthawi imeneyo nawonso ali ndi zawo zoti anene. Kuwafunsa sikulira digiri ya ku Michigan. Kumalira kope, cholembera, foni yojambulira mawu ndi ulemu wokhala pansi n'kumvetsera. Tikachedwa, adzukulu athu adzapeza manambala okha.